Bokosi Langa Linati Mulibe

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine sindine munthu wolankhulalankhula. Abusa atandipempha kuti ndiime pano ndinakana kawiri. Lero ndavomera, koma ndalemba papepala, kuti ndisawonjeze kanthu ndiponso kuti ndisadzichepetsere mlandu.

Dzina langa ndine Lekani. Ndine kalaliki pa kachipatala kena ka mpingo, panjira ya fumbi yochoka pa Mitundu kudutsa m'midzi kulowera ku Nathenje.

Sindinali chidakwa. Sindinabe. Mkazi wanga sindinamukwezerepo dzanja. Nthawi zina ndimati bola ndikanakhala chidakwa, chifukwa chidakwa chikagwa m'ngalande chimadziwa kuti chagwa. Ine ndinali munthu wa tayi, wofika pa nthawi, wokhala pa benchi yachitatu m'tchalitchi muno Lamulungu lililonse. M'kati mwanga munali mkwiyo wonga moto wa utuchi, wosaonetsa lawi koma wosazima.

Mkwiyowo unachokera apa. Ndinakhoza bwino Folomu 4, makamaka masamu. Kenako ndinachita maphunziro a pakalata, a momwe makina a kompyuta amasungira zinthu ndi kuzipezanso. Makinawo sindinawagwirepo. Zonse ndinkalemba m'kope ndi pensulo, n'kutumiza papositi. Ofesi ina ku Lilongwe itafuna munthu wodziwa zimenezi, ndinapita ndi mapepala anga. Anatenga mphwake wa munthu wina. Ine ndinabwerera pa basi ya Mitundu, tayi ili m'thumba.

Ndiye ndinalandira ukalaliki wa kumudzi ngati munthu wolandira chilango. Amayi onse obwera ndi ana kusikelo ndinkawaona ngati ndi iwo ananditsekera chitseko ku Lilongwe.

Mwana aliyense wa kusikelo anali ndi makhadi awiri, lina losunga mayi ake, lina lotsala kwa ife. Nditafika, athuwo ndinawapeza m'makatoni, osakanikirana ngati nyemba. Namwino wathu, Mayi Kamanga, akafuna khadi ankayamba pamwamba, limodzilimodzi, mpaka atalipeza. Nthawi zina dzuwa linkapendeka anthu ali pamzere.

Ndinawaseka. Ndinapangitsa bokosi lalitali kwa kalipentala, n'kuika makhadi onse, oposa chikwi, motsata zilembo za dzina la mwana. Dzina lachiwiri sindinalikhulupirire, chifukwa kumudzi lero atchula la bambo, mawa la agogo, mkuja la mfunda. Ndinati dzina la mwana mwiniyo ndilo silisintha.

Ndikufotokozereni kasakidwe kanga, chifukwa tchimo langa linabisala m'menemo. Munthu akatchula dzina, sindinkayamba kutsogolo. Ndinkaika chala pakati penipeni pa bokosi. Tinene kuti ndikufuna Tamala, chala chagwera pa Maria. T amabwera pambuyo pa M, choncho theka lonse lakutsogolo ndathana nalo, sindiliyang'ananso. Theka lotsalalo ndiligawanso pakati. Kenako theka la thekalo. M'makhadi chikwi, chala changa chinkatsika kakhumi basi, khadi lili m'manja. Likapanda kupezeka ndinkadziwa kuti mulibe.

Njirayi ndi yabwino, ndipo mpaka lero ndimaigwiritsa ntchito. Koma ili ndi lamulo lake, limene ndinalilemba ndekha m'kope langa n'kulidula mzere kunsi: dzina limene ukusakira likhale lomwelo limene unasungira.

Bokosi la ndondomeko limafulumira kupereka koma limachedwa kulandira. Khadi latsopano uyenera kulipezera malo ake enieni, kusuntha anzake, kusuntha timatabwa togawa zilembo. Sindinkafuna kuchita zimenezo anthu akundiyang'ana. Ndiye ndinaika lamulo langa: ana atsopano azilembetsa Lolemba loyamba la mwezi basi, ndipo amene khadi lake silinatuluke m'bokosi asalowe kusikelo. Tebulo langa linali pakhonde, pafupi ndi khomo. Mayi Kamanga ankayeza ana m'kati. Amene ndamubweza ine, iwo sankamuona n'komwe.

Ntchito yachiwiri inali yolemera. Lachinayi, pakatha masabata awiri aliwonse, kunkabwera galimoto ya chipatala chachikulu kudzatenga ana onyentchera kwambiri, kukawagoneka kumene amawadyetsa mwapadera. Malo athu anali awiri okha. Wosankha ndinali ine.

Mwana akayezedwa, ndinkayerekeza kulemera kwake ndi kulemera koyenera msinkhu wake, n'kulemba nambala pakona ya khadi. Nambala ikachepa, mwana ali pangozi. Makhadi a tsikulo akabwerera kwa ine, ndinkatenga loyamba n'kuligwira kudzanja lamanzere. Ndi lamanja ndinkatola otsalawo, limodzilimodzi. Ndikapeza la nambala yocheperapo, ndinkasiya lakumanzere lija n'kugwira latsopanolo. Pofika kumapeto, dzanja lamanzere linali ndi mwana wochepetsetsa mwa onse. Ndinkamuika pambali n'kuyambiranso kuti ndipeze wachiwiri.

Ndinkanyadira dzanja lamanzere limenelo. Silinkadziwa mwana wa mkulu wa mpingo, silinkadziwa mwana wa mphunzitsi. Ndinkati mumtima: ku Lilongwe amasankha achibale, ine pano ndimasankha choona. Ndinkadziona wolungama kuposa dziko lonse.

Kenako kunabwera chaka china cha njala, mwezi wa Febuluwale, chimanga chisanakhwime, chikuku chitangodutsa m'midzi.

Lachinayi lina, pamzere panali mayi wamng'ono thupi, miyendo ili matope mpaka m'mawondo. Pambuyo pake ndinadziwa kuti ndi Nabanda, wa kumidzi ya mbali ya ku Nathenje, ndipo ananyamuka kusanache. Kumbuyo anabereka mwana wamkazi wa zaka ziwiri. Mwanayo sankalira. Ndinaona kadzanja kake kali lende panja pa nsalu, ndipo ndinayang'ana kumbali.

"Khadi," ndinatero.

"Linanyowa, bambo. Denga linadontha, lapekeseka lonse."

Khadi lina lija la chipani, lofunika pachipata cha msika, anali nalo, atalikulunga bwinobwino m'kapulasitiki. Za limenelo sindinenapo kanthu.

"Dzina la mwana?"

"Siyeni."

Chala pakati. Theka lakutsogolo ndathana nalo. Pakati. Pakati. Ndinafika pamene payenera kukhala Siyeni, ndinapeza Sitima mbali ino, Sofia mbali iyo, pakati popanda kanthu.

"Mulibe."

"Alimo, bambo. Ndinamulembetsa kuno ndili kwa apongozi anga. Munalemba ndinu nomwe."

"Mayi, bokosi ili silinama. Mubwere Lolemba loyamba la mwezi. Wotsatira!"

Anaima pang'ono ngati akufuna kunena china. Sananene. Anakweza mwana bwino kumsana n'kutsika pakhonde. Tsiku limenelo dzanja langa lamanzere linasankha ana awiri, galimoto inanyamuka, ine ndinakadya nkhomaliro mtima uli mbee.

Patatha masabata awiri anabweranso. Lolemba langa lija linali lisanakwane, kunatsala masiku anayi. Ulendo uno mwanayo anali atatseka maso, zikope zitatupa, ntchentche zikuterapo. Mayiyo anagwada pansi pa khonde, m'matope.

"Bambo, ndapota nanu, mungomuyeza."

Abale, sindinatsegule n'komwe bokosi. Ndinati, "Kodi Chichewa simumva? Ndinati Lolemba." Amayi ena pamzere anawerama. Palibe anayankha, chifukwa onse ankafuna makhadi awo atuluke.

Galimoto inabwera, inatenga awiri a dzanja lamanzere, inapita.

Pa mphambano, chapafupi ndi kachipatalako, pali sitolo ya Che Twaibu. Ndi Msilamu, banja lawo lili ndi masitolo pa Mitundu, ndipo amagula nyemba ndi mtedza kwa alimi. Ndinkagula sopo kwa iwo koma sindinkawawerengera, chifukwa sukulu analekeza Sitandade 4.

Dzuwa lili paliwombo, mzere utatha, ndinawaona akubwera mofulumira, mkanjo ukuuluka, Nabanda ali pambuyo. Mayiyo anakapempha madzi akumwa kusitoloko. Che Twaibu ataona mwana anamuika m'nsalu n'kumupachika pa sikelo yawo yoyezera nyemba.

Anamenya tebulo langa ndi kapepala kong'amba pa thumba la shuga.

"Akalaliki, werengani apa, poti ndinu ophunzira. Makilo sikisi! Mwana wa zaka ziwiri! Mbuzi yanga yobadwa Khirisimasi ikumuposa. Mwamubweza chifukwa chiyani?"

"M'bokosi mulibe," ndinatero. "Inu pitani mukagulitse mchere. Za kuno simungazimve."

"Mulibe? Nanga uyu ali apayu ndi chiyani, dzungu?"

"Ndasaka. Njira yanga siphonya."

"Mwasaka monse?"

"Sindifunika kusaka monse. Ndicho chifukwa chake ndinapita kusukulu."

Anandiyang'ana. Kenako anagwira bokosi lija ndi manja awiri n'kulikhuthula pansi.

Makhadi chikwi anamwazika khonde lonse. Ena anagwera m'matope. Ntchito yanga ya zaka zinayi. Ndinadumpha n'kuwagwira pakhosi pa mkanjo, chibakera chili m'mwamba. Onani munthu amene ndinali. Mwana akufa patsogolo panga sindinanyamuke pampando, koma mapepala atagwa ndinali wokonzeka kumenya munthu wamkulu.

"Menyani," iwo anatero, osaphethira. "Mukatha kumenya mutole. Tsopano musaka ngati ife osaphunzira."

Phokosolo linatulutsa Mayi Kamanga. Sanafunse za bokosi. Anapita kwa mwana, anamutsegula chikope ndi chala, nkhope yawo inasintha. Kenako anagwada pafupi ndi Nabanda n'kufunsa motsitsa mawu.

"Mwana wanga, dzina la Siyenili anabadwa nalo?"

Mayiyo anapukusa mutu.

"Loyambalo ndi ndani?"

"Sindingatchule, amayi. Analikana. Ndikalitchula eni ake amva, abweranso kudzamutenga."

Nonsenu mukudziwa zimenezi, ngakhale ena mumachita ngati simudziwa mukavala za ku tchalitchi. Mwana akamadwaladwala, akamalira osatonthola, akuluakulu amati wakana dzina, kapena mwini dzina amene anamwalira akumuvutitsa. Amamupatsa lina. Lakale lija amalikwirira, silitchulidwanso pakhomopo. Mwanayu anamutcha dzina la azakhali ake omwalira. Atayamba kuwonda, kwawo kwa mayi ake anamusintha, n'kumutcha Siyeni.

Mayi Kamanga anatembenukira kwa ine. Pa zaka zinayi anali asanandikalipirepo.

"A Lekani, gwadani. Tolani limodzilimodzi. La mtsikana aliyense wa zaka ziwiri muwerenge dzina mokweza. Iyeyu satchula, koma akamva tidziwa."

Ndinagwada, thalauza langa losita lili m'matope. Ndondomeko inali itatha. Panalibe pakati, panalibe theka loti nditaye. Ndinatola khadi, kuyang'ana, kuika pambali. Lina. Lina. Che Twaibu ankandikankhira ena ndi phazi.

"Loveness." Chete.

"Mphatso." Chete.

"Enelesi." Chete.

Sindikudziwa kuti ndinatchula mayina angati. Mawondo anachita dzanzi. Mawu anga anasasa. Ndinatola lina lothimbirira pakona.

"Agnesi."

Nabanda anangotseka makutu a mwana wake ndi manja onse awiri.

Khadilo linali lolembedwa ndi dzanja langa. Mudzi wa apongozi ake, dzina la mayi, zonse ndinalemba ndine. Agnesi ankakhala kutsogolo kwenikweni kwa bokosi, mwina khadi lachinayi kapena lachisanu kuchokera pamene ndinkatsamiritsa chala chachikulu tsiku lililonse. Pamene ndinaika chala pakati koyamba n'kunena kuti theka lakutsogolo ndathana nalo, ndi pamene ndinamutaya.

Tinamuyeza pa sikelo yathu. Sikelo ya nyemba sinaname. Ndinawerengera nambala yake. Inali yocheperapo kuposa ya ana awiri amene ananyamuka m'mawa umenewo. Inali yocheperapo kuposa nambala iliyonse imene ndinalembapo pakona ya khadi.

Dzanja langa lamanzere lija, lolungama lija, linkasankha wochepetsetsa mwa amene ine ndawalola kulowa. Amene ndamubweza pakhomo sakanakhala wochepetsetsa, chifukwa sanalowe m'mulu n'komwe. Masamu anga sanalakwe ngakhale pamodzi. Wolakwa anali munthu wokhala pakhomo.

Che Twaibu sanadikire kupemphedwa. Anatsitsa matumba a nyemba pa lole yawo, tinakwera: Nabanda, mwana, ndi ine nditagwira khadi. Panjira sanandilankhule. Titafika kuchipatala chachikulu anangoti, "Lowani nawo. Mukawauze chifukwa chake wachedwa. Mukanene nokha."

Ndinanena. Dokotala anamupima mwanayo nthawi yaitali. Anati moyo alimbana nawo, ndipo akuganiza kuti apambana. Koma maso, anati, njala ndi chikuku zawadya kale. Ndinafunsa ngati akanawapulumutsa mwanayo akanafika masabata awiri apitawo. Anandiyang'ana, anayang'ana khadi, sanayankhe. Ine ndine wa masamu. Yankho ndinalipeza ndekha.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, ndinakhala pa benchi panja pa wodi. Nabanda anatuluka kudzatunga madzi. Ndinkafuna anditukwane. Ndinkafuna andilavulire. Anaima patali pang'ono n'kufunsa mwaulemu.

"Bambo, amayi aja anakutchulani kuti ndani?"

"Lekani."

"Munabadwa nalo?"

Ndinawerama.

"Ndiye mumadziwa," anatero, n'kupita kumpopi.

Inde, ndinkadziwa. Ine ndinabadwa Filipo, dzina la amalume a mayi anga amene anafera ku migodi. Ndili ndi miyezi isanu ndi itatu ndinadwala mpaka anayamba kundifunira nsalu ya maliro. Anandisintha dzina, ananditcha Lekani. Mayi anga anandiuza kamodzi kokha, ndili Folomu 2, monong'ona, ndipo ndinawaseka kuti ndi zachikunja. Ndinaziika m'theka lija losayang'ananso. Kumudzi kwathu, mayi anga, zonse za kumeneko, ndinali nditathana nazo kalekale. Ndipo ndinakhala pakhonde zaka zinayi, nditavala dzina lachiwiri, ndikuphunzitsa anthu kuti dzina la mwana silisintha.

Loweruka m'mawa ndinapita kukachipatala ndekha. Kunalibe odwala. Mayi Kamanga anali atasesera makhadi onse m'katoni, monga ndinawapezera poyamba paja. Ndinakhala pansi kuti ndiwakonzenso.

Sindinathe. Khadi lililonse ndikatola ndinkaona kuti lili ndi munthu. Uyu sanabwere chiyambire Okutobala. Uyu nambala yake inatsika katatu kenako zii. Ali kuti? Ndinamubweza? Anamusintha dzina? Anamuika m'manda? Zaka zinayi ndinali ndisanafunsepo.

Pemphero langa loyamba silinali lokoma. Ndinakalipira Mulungu. Ndinati, Inu munaona zonse, bwanji simunandithyole dzanja tsiku loyamba lija? Bwanji munapereka maso a mwana kuti mutsegule anga? Mwanayo anakulakwirani chiyani? Ndinafuula m'chipinda chopanda anthu mpaka mawu anatha.

Funso limenelo sanandiyankhe, ndipo mpaka lero sanandiyankhe. Sindikunamizani.

Koma mkwiyo utatha mphamvu, ndili chigwadire pakati pa makhadi, ndinazindikira chinthu china. Zaka zonsezi ndinkabwera m'tchalitchi muno ngati Lekani wa tayi, wa Folomu 4, wolakwiridwa ndi dziko. Munthu ameneyo sankasowa Mpulumutsi, ankangosowa ntchito ya ku Lilongwe. Koma panali wina pansi pake, mwana wa mayi wosauka, wodwala, amene akanafa akanapanda anthu osaphunzira kumugwira m'manja. Ameneyo ndinamukwirira. Ndipo Yesu sanagawe pakati n'kutaya theka limene munali iyeyo. Anagwada m'matope, anatola limodzilimodzi, zaka makumi atatu ndi mphambu, akutchula mayina, ine nditatseka makutu.

Ndinati, "Ambuye, ndine Filipo." Chibadwire ndinali ndisanalitchulepo ndi pakamwa panga. Palibe mzimu unabwera kudzanditenga. Anabwera ndi Iye. Ndinaulula zonse, za mwana, za amayi amene ndinawanyoza, za mayi anga, za mkazi wanga amene anakhala zaka m'nyumba ya munthu wosaseka. Ndinalira ngati pamaliro. Nditadzuka, moto wa utuchi uja unali utazima.

Musamve molakwa. Mkwiyo ndikadali nawo, ndipo mwaumva m'mawu anga. Koma wakale uja unkayang'ana pansi, pa anthu ogwada. Wa lero umayang'ana pa tebulo la pakhomo, ndi pa aliyense wokhalapo, kuyambira ine.

Bokosi ndinalikonzanso, motsata zilembo, chifukwa mzere wa amayi suyenera kuima padzuwa. Ndimasakabe mogawa pakati. Koma likati mulibe, sindilikhulupirira, ndimayamba kutsogolo mpaka kumbuyo. Mwana amayezedwa kaye, khadi pambuyo. Watsopano amalembetsa tsiku lililonse, ngakhale ndisunthe makhadi mazana anthu akundiyang'ana. Mayi akanong'ona kuti dzina linasintha, sindimuumiriza kutchula lakale. Timalipeza mwanjira ija, ndipo ndimaika kakhadi ka dzina latsopano kolozera kumene kuli lakale. Kumapeto kwa mwezi ndimadutsa bokosi lonse kufuna makhadi amene sanatuluke, kenako ndimakwera njinga, mpaka kumidzi ya ku Nathenje. Wochepetsetsa weniweni kawirikawiri sakhala pamzere. Amakhala kunyumba, chifukwa mayi ake alibe mphamvu zomuberekera, kapena chifukwa wina ngati ine anawabweza kale.

Che Twaibu ndinakawapepesa pamaso pa makasitomala awo. Anaseka n'kuti, "Akalaliki, chibakera chanu chija ndikudikirabe." Ena mwa inu mwandifunsapo ngati anatembenuka mtima. Funso limenelo limandipsetsa mtima. Tsiku lija pakhonde panali Mkhristu wa benchi yachitatu ndi Msilamu wogula nyemba. Amene anafunika kutembenuka mukumuona.

Nabanda sanandiuze kuti wandikhululukira. Sindinamufunse, chifukwa ndilibe ufulu womusenzetsa katundu ameneyo. Patapita zaka zitatu ananditumizira maungu awiri. Ndinawalandira ndi manja awiri.

Siyeni ali moyo. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, amaphunzira kusukulu ya ana osaona, amawerenga ndi zala. Iye ndi mayi ake anandilola kunena zimenezi pano. Nkhani yonse amaidziwa, ndinamuuza ndekha atakwanitsa zaka khumi. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa ngati khadi lake ndikadali nalo. Ndinati eya. Anati ndimupatse aligwire. Analisisita mbali zonse, n'kundibwezera.

Patchuthi akabwera, amandizindikira ndi kulira kwa tcheni cha njinga yanga ndisanafike n'komwe pabwalo. Amafuula kuchokera pakhonde, "Akalaliki, lero ndilimo kapena mulibe?"

Ndimayankha kuti, "Ulimo, mwana wanga." Iye amaseka. Ine sindinafike poseka nawo.

Tsono ndili ndi mawu kwa inu, akulu a mpingo anzanga. Nafenso tili ndi kaundula. Timawerenga amene abwera, timathandiza wosaukitsitsa mwa amene abwera, n'kupita kunyumba tikudziona olungama. Nanga amene anasiya kubwera? Mtsikana uja anatenga mimba. Bambo uja nsapato zinamuthera. Mayi uja tinamuyankha mwaukali pakhomo la ofesi ya mpingo. Tikafunsidwa timati mulibe. Alimo. Anangosintha dzina, tsopano amatchedwa wakugwa, chidakwa, hule, ndipo ife tikusakira dzina lakale mbali yolakwika. Ndatopa nako kumva mawu akuti mulibe m'nyumba ya Mulungu. Ndinawanena kawiri, mwana anataya maso.

Ndipo iwe amene wakhala kumbuyoko, kapena pa benchi yachitatu, amene uli ndi dzina lako lina limene sufuna litchulidwe, chinthu chimene unakwirira n'kunena kuti wathana nacho: Iye ali nalo khadi lako. Sanalitaye. Sali ndi Lolemba loyamba la mwezi. Lero lomwe akulandira.

Alemekezeke Yesu, amene sanandisake mwachangu. Alemekezeke chifukwa cha sikelo ya nyemba, ndi manja amene anakhuthula bokosi langa. Alemekezeke chifukwa Siyeni ali moyo.

Akutchula mayina limodzilimodzi, ndipo satopa. Likafika lako, chotsa manja m'makutu. Bwera kutsogolo kuno, tigwade limodzi. Ine pansi ndinazolowerapo kale.

Amen.